Ndege yachikasu imene Bambo ankapenta

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Kuno kutsidya la nyanja, ku Lawrence, chisanu chafika msanga. Nkhwani yomwe ndinadzala kuseri kwa nyumba yapserera, ndangopulumutsako timaungu tochepa. Ku South Bend mpongozi wanu, mkazi wa achimwene Limbani, wachira mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Chipumi ndi chanu chenicheni.

Koma nkhani imene ndadzera ndi ya Bambo. Chiwatengereni kuno maliro anu atatha, ankangokhala pazenera tsiku lonse. Ndiye mzungu wina wachikulire wa kumpingo kwathu, a Harold, atamva kuti Bambo anakalambira pantchito yopenta mabasi ku Blantyre, anawatenga kukaona ndege yakale imene mzunguyo amasunga m'shedi ina kunja kwa tawuni. Ndi ya mipando iwiri, zija asilikali ankaphunzirira kuuluka pa nkhondo yachiwiri. Tsiku limenelo Bambo anabwerako ali fumbi lokhalokha, akuseka.

Kuyambira pamenepo ankapita kukapala penti yakale ndi sandipepala, madzulo nkumandifotokozera zimene apeza. Pamwamba panali siliva ndi olenji, mitundu imene ndegeyo inapakidwa ili kwa asilikali a ku Joni. Pansi pake anapeza chikasu, mtundu wake woyamba. Akuti ndege zoterezi ankazipaka chikasu kuti wophunzira azioneka patali, anzake azimupatuka, komanso akagwera m'thengo apezeke msanga. Anagwirizana zoibwezera chikasucho. Paja munkanena kuti Bambo akagwira burashi, nyumba ikhoza kupsa iwo osacheuka. Ndinawaonanso Bambo amenewo, Amayi, ndipo ndinkati achira.

Kuiwala kunabwera pang'onopang'ono. Tsiku lina anasungunula penti ndi madzi m'malo mwa thina. A Harold sanadandaule, anangopalanso okha. Kenako nambala ya kumchira anailemba chotembenuza, Bambo amene mabasi onse aja sanakhotetsepo chilembo. Masana ena nditaweruka kuchipatala ndinapita kukawatenga, ndipo ndinawapeza ataima pafupi ndi phiko, burashi itauma m'manja.

"Pepani mayi," anatero kwa ine, "basi ya ku Lunzu iyi inyamuka nthawi yanji? Akazi anga akundidikira."

Ine Thokozani, mwana wawo, kundipepesa ngati munthu wapadepoti. Ndinangoti, "Posachedwapa, bambo. Tiyeni tikadikirire m'galimoto."

Adokotala akuti mankhwala alipo ongochedwetsa matendawa. Sindinafunse zambiri. Odwala otere ndimawasambitsa tsiku ndi tsiku, ndikudziwa kumene tikulowera. Tsopano ndikakhala pa shifiti amatuluka m'nyumba, ndipo ulendo womaliza apolisi anawapeza m'mbali mwa msewu waukulu alibe jekete. Achimwene apeza malo ku nyumba yosamalira okalamba pafupi ndi kwawo. Tinakangana pafoni, ine kukumbutsa zija munkatiuza, zoti tisadzakusiyeni m'manja mwa anthu osadziwa ndi dzina lanu lomwe. Achimwene anangondifunsa ngati ndikufuna tikawapeze ataumira pamsewu. Pomaliza ndinavomera.

Ndege ija a Harold anaimaliza ndi anzawo, ndipo mwezi watha anatiitana kukaona ikuuluka koyamba. Inadutsa pamwamba pathu ikuwala, phokoso lake mpaka m'chifuwa, anthu onse kuwomba m'manja. Ndinawagwira Bambo paphewa, ndikuloza kumwamba, ndikuwauza kuti ntchito yawo ndi imeneyo. Iwo sanatukule mutu. Ankatosatosa ulusi wa bulangete limene ndinawafunditsa, akufunsa ngati ndaona nsapato zawo, pamene zinali kuphazi.

Loweruka tikuwaperekeza ku nyumba ya okalamba ija. Zovala ndalemba dzina lawo m'kolala, monga anatiuzira a kumeneko. Ndizidrayiva kukawaona nthawi iliyonse ndikakhala pa ofu, kaya andizindikire kaya ayi. Amafunsa za inu pafupipafupi, ndipo ndikanena zoona amalira ngati akumva koyamba. Ndiye ndasiya. Ndimawauza kuti mwapita kumsika, mufika posachedwa, ndipo ndizinena chomwecho mpaka mudzawalandire nokha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Thokozani