Khutu la Dorkon

Mwezi wa Artemision, tsiku la 2

Chatha! Lero ndaika nyundo pansi. Chiboliboli cha Dorkon, katswiri wathu wa nkhonya amene anabwera ndi nkhata ya masamba a azitona kuchokera ku mpikisano wa ku Olympia. Chiyambire mzinda wathu unali usanapambanepo, ndiye chimwemwe chake n'chosasimbika. Mkazi wanga Myrtis wayamba kupaka utoto, tsitsi lofiirira, maso akuda bii. Akuti ndimamwetulira mwala kuposa iye. Sindinatsutse.

Tsiku la 3

A Timanor, mkulu wa bwalo la mzinda, anabwera kudzayendera. Anazungulira akuyamikira, mpaka anafika pa khutu lakumanzere, lija lofanana ndi nkhuyu yopondedwa.

"Nanga ichi n'chiyani?"

"Khutu la Dorkon, bambo."

"Alendo akatsika padoko aziona zimenezi? Ku Atene ziboliboli zimaoneka ngati milungu. Ulisalaze. Apo ayi, sichikaima pamsika."

Ndinapsa mtima. Munthu anamenyedwa zaka khumi kuti khutu lifike pamenepo, ine ndilifafanize tsiku limodzi?

Tsiku la 4

Sindinagwire ntchito. Myrtis akuti, "Mwala ukasema subwezera, amuna anga."

Tsiku la 5

Dorkon mwiniwake anatulukira atanyamula tchizi cha mbuzi. Atadziona anaseka mpaka kutsamwa. "Achimwene, pamphunopa mwandikondera, koma khutuli ndi langa ndithu!" Nditamuuza za a Timanor anapendeketsa mutu n'kundilozera lakelo. "Yambani mwasalaza ili, kuti tifanane."

Basi, ndatsimikiza. Sindilikhudza.

Tsiku la 6

Tachikokera kumsika ndi ng'ombe zinayi, chokutidwa ndi nsalu. A Timanor: "Wakonza?" Ine: "Muona mawa, bambo." Sindinaname. Akachikana, chaka chathunthu chapita m'madzi, dzina langanso. Myrtis, m'malo mondithandiza mantha, wakawonjezera utoto wofiira pakhutupo. Mkazi ameneyu!

Tsiku la 7, chikondwerero cha mulungu Apollo

Atachotsa nsalu, msika wonse unachiyang'anitsitsa. Kenaka mayi wina wogulitsa nsomba anakuwa, "Ndi Dorkon wathu uyo! Taonani khutu!" Phwete, nthungululu, zitoliro. Ndinalira, sindibisa.

Anthu anayamba kumangirira pachiboliboli timizere ta nsalu ya ubweya monga timachitira ndi opambana. Koma pamikono tinapaka phula, timizere tikungotsetsereka. Pogwira bwino panali pamodzi pokha: pakhutu.

Wamalinyero wina wa ku Korinto anafunsa a Timanor kuti bwanji tinaimika munthu wophwanyika chonchi. Ndinayang'ana pansi. Iwo anatukumula chifuwa.

"Kwathu kuno, mbale wanga, nkhata sitiitola panjira. Kwanu muli nalo khutu lotere?"

Kenaka anatulutsa kamzere kawo kofiira, nayesa kunyanyamphira. Ndi aafupi, sanafikire. Anandicheukira osandiyang'ana m'maso.

"Iwe, kampando kako kokwerapo posema kaja kali kuti?"