Nsapato za Nambala 4

Bambo a Refiloe,

Mukadzuka musavutike kufunafuna galimoto, ndatenga ine pamodzi ndi matcheni a matayala. Ndalowera kuphiri, kumalo a masewera otsetsereka pa chipale chofewa aja munasankha nokha mukuti kwina konse kumadzaza anthu.

Foni yanu inalira inu muli mtulo, ndiye ndinayankha. Anali mtsikana wa kumaloko, waulemu wake: "Mayi, tikungotsimikiza. Chipinda cha anthu awiri, sabata yachiwiri ya Julaye. Nsapato zotsetserekera za abambo nambala 9, zanu nambala 4."

Zanga 4? Phazi langa ndi 7 chikwatiranireni, ndipo ndinu nomwe mumaliseka kuti likunga fosholo. Komanso mukudziwa bwino kuti sabata imeneyo sindingachoke ku ntchito kuchipatala. Kani n'chifukwa chake munkakakamira Julaye, ati Ogasiti chipale chimayamba kusungunuka? Ine n'kumangovomera ngati chitsiru, mpaka kukuchapirani bulangete lanu la ukwati kuti musakazizidwe muli nokha.

Ndikufuna ndikaone ndi maso angawa dzina limene munalembetsa m'buku lawo. Tsikunso ndikasintha. Tidzapita Ogasiti ine ndili pa tchuthi, ngakhale titakatsetsereka pa matope.

Refiloe mumuveke juzi ziwiri, mumuperekeze kusukulu wapansi. Pepani, mkaka wapserera, mphika mutsuke ndinu.

Ndikamafika madzulo ndipeze mwandisakira phazi la nambala 4 m'nyumba muno. Musayerekeze kunamizira mwana. Refiloe amavala 1, ndamuyeza kale.

Ine mkazi wanu,
Nambala 7