Tathena fodya wa abambo

Lachitatu, mu Febuluwale. Kunatentha kwambiri, koma tsikuli landikomera.

Tathena fodya kumunda kwa abambo, kumudula nsonga, ndipo manja akadali omata ndi utomoni. Madzulo ndinakhala nawo pakhonde. Chiwagwireni sitiroko sayankhula, amangoyang'ana.

Ndinawauza zimene ndinaphunzira kukoleji asanandichotseko kuti ndizisoka fodya. "Bambo, nsonga ija imatumiza mankhwala otchedwa okisini kutsika ndi tsinde. Uthenga wake ukafika m'maselo a mphukira, malangizo okulitsa a m'maselomo, otchedwa majini, amatsekeka, mphukira n'kugona. Mukadula nsonga uthengawo umaleka, mphukira zonse n'kudzuka."

Pabwalo amayi ankaseka mokweza ndi anzawo a mvano, zomwe sizinachitikepo pakhomo pano. Mng'ono wanga Tiyamike, mtsikana, anadutsa pamaso pa abambo atavala thalauza.

Abambo anandimva bwinobwino. Msozi unatsika patsaya lomwe linafa ndi sitiroko mpaka kukhosi. Amayi ataona anakuwa, "Iwe, apukute abambo akowo!"

"Manja anga ndi akuda, amayi," ndinatero.

Sindinaname, anada ndi fodya wa abambo yemwe. Ndinangoupenya msoziwo mpaka unauma wokha.