Bambo adzazira mwana fomu ya yunivesite ali ku mgodi

Aphungu,

Ndine namwino ndipo ndimakhala kunja kwa dziko lathu, ku Balga. Mwana wanga Natalie akulemba mayeso omaliza a sekondale chaka chino. Amakhoza bwino, koma sakudziwa choti akaphunzire ku yunivesite. Lero akuti zachilengedwe, mawa akuti zamalamulo.

Bambo ake ndi injiniya ku mgodi wina ku Pilbara, amakhala masabata awiri uko, sabata imodzi kunyumba. Atatopa kudikira, anamuitanitsa pasiwedi n'kudzaza okha fomu ya TISC, yofunsira malo ku yunivesite, ali komweko. Mizere yonse isanu ndi umodzi analemba makosi a uinjiniya okhaokha. Nditadandaula pa foni anati, "Mayi a Natalie, migodi ikusowa anthu. Ife dzina linkangotuluka pa wailesi, kosi atakusankhira kale. Tinafa?"

Natalie anangoti, "It's fine, Mum," koma chiyambire tsikulo sakambanso za yunivesite. Kodi ziliko sukulu zolandira mwana amene sanasankhe? Kapena tachedwa?

A.C., Balga

Mayi A.C.,

Simunachedwe, ndipo mwana wanu sanasochere.

Amuna anu achita izi chifukwa cha chikondi, koma atsata dongosolo la kwathu, kumene kosi yopatsidwa inkakhala ya moyo wonse. Fomu ya kuno imagwira ntchito mwina. Pa makosi amene mwana wakwanitsa magiredi ake, amamupatsa imene ili pamwamba pa mndandanda. Chotero, monga fomuyo ilili, Natalie akakhoza adzapatsidwa uinjiniya basi, afune asafune. Mwayi wake ndi wakuti mndandandawo amalola kuusintha ngakhale zotsatira zitatuluka mu Disembala. Onani lero lomwe tsiku lotsekera pa webusaiti ya TISC.

Sukulu zimene mukufunsazo ziliko. Funani digiri yotambalala, monga ya sayansi kapena ya zachikhalidwe cha anthu, imene chaka choyamba wophunzira amalawa maphunziro osiyanasiyana, n'kusankha phunziro lake lalikulu pambuyo pake. Musakhutire ndi zithunzi za m'timabuku tawo. Natalie aimbire ofesi yolembera ophunzira ku Murdoch ndi mayunivesite ena awiri, afunse kuti kusankhako kumachitika liti, ndiponso ngati maphunziro a chaka choyamba amawerengedwabe munthu akasintha kosi, kuti asabwereze chaka. Afunsenso ngati pali mlangizi woti azikumana naye maso ndi maso. Yankho la funso lachiwirilo alipemphe polemba. Inu muperekezeni, koma wofunsa akhale iye.

Pa mndandanda watsopano asiyepo kosi imodzi ya uinjiniya. Mwina adzaikonda, ndipo bambo ake adzaona kuti mawu awo sanatayidwe. Iwonso akudziwa kuti mitengo yogulitsira miyala ya m'migodi imakwera n'kutsika, pomwe digiri imatenga zaka zitatu kapena zinayi.

Chenjezo langa ndi ili: musasinthe fomuyo m'seri iwo ali ku ntchito. Mukatero, Natalie adzapeza kosi koma nyumba idzagawikana, ndipo tsiku lililonse limene maphunziro adzamuvute adzaopa kuwauza bambo ake. Dikirani atsike ndege pochokera ku mgodi, apume tsiku limodzi. Kenako Natalie awayalire mayankho amene wasonkhanitsa, m'Chichewa kapena m'Chingerezi, koma ndi pakamwa pake. Injiniya amakana zongomva, koma umboni wolembedwa amauwerenga mpaka kumapeto.

Aphungu