Msewu Udutsa Pamene Panali Nyumba ya Bambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Msana uja unasiya kukuvutani? Kuno tilipo. Mayi miyendo ikumatupa kukazizira, koma pakamwa pokha ndiye pali bwinobwino, akadandikalipirabe ngati kamwana ka sukulu.

Nkhani iyi sindinafune kuinena pa foni. Pa foni mumandidula mawu, ndipo ndikufuna muiwerenge mutakhala pansi.

Mukumukumbukira Chidindo? Mundikhululukire, munthu ameneyu sindimutchula ndi ulemu. Ndikunena kalaliki wa maploti uja ankayenda ndi chidindo cha khonsolo m'thumba la jekete. Anabwera kwathu ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, n'kuwauza bambo kuti ploti yathu ili pamzere wa msewu waukulu umene ukubwera. Anatipatsa mwezi umodzi. Bambo anazula okha zitseko zimene anapala ndi manja awo, inu mukutsitsa malata, ine ndikutola misomali m'chitini.

Msewu sunabwere. Patatha zaka ziwiri, pamalo pathu panamera mashopu asanu ndi imodzi, onse a Chidindo. Bambo anamwalira m'chipinda cha lendi, benchi yawo ya ukalipentala itawola panja ndi mvula chifukwa inalibe polowa.

Munthu ameneyo lero ndi wapampando wa komiti ya nyumba ndi misewu. Ine, monga mukudziwa, chino ndi chaka chachinayi ndili ku ofesi yojambula mapu. Timakumana m'khonde pafupifupi sabata iliyonse. Sanandizindikirepo, chifukwa ndimalemba dzina la amuna anga. Amangonditcha mtsikana wa mapu, ine n'kumamwetulira.

Tauni yathu yadzaza, achimwene. Anthu akumanga m'ngalande, ena banja lonse chipinda chimodzi. Ndiye khonsolo inagwirizana zotsegula maploti mazana asanu ndi atatu kutsidya kwa mtsinje, pamodzi ndi malo a sukulu, chipatala ndi msika. Vuto ndi msewu. Ndalama zimene boma linapereka, kuphatikiza zimene aliyense wogula ploti azisonkha, zikukwana mlatho umodzi ndi makilomita asanu ndi awiri a phula basi. Ine ndi injiniya wathu tinayenda thengo lonselo milungu itatu, minga ikutilasa, n'kujambula mzere wowongoka wochoka pamlatho kukafika pachipatala ndi pasukulu.

Tsiku lina masana, anzanga atapita kokadya, Chidindo analowa mu ofesi. Anakhala patebulo langa, osati pampando, n'kuika chala chake chamafuta pamapu. Anati msewu ukhotere kum'mawa, kuphiri, chifukwa kumeneko ndi kumene kudzakhale anthu olemekezeka. Ndinamuuza kuti ukakhota chotero phula lidzathera panjira, chipatala n'kutsala pafumbi. Anaseka, ati odwala sayang'ana pansi. Kenaka anatsitsa mawu, ati mtsikana wanzeru ngati ine sayenera kukalamba pa lendi, kuphiri kuli ploti ya pakona imene ilibe mwini.

Achimwene, ndinayang'ana chala chake pamapupo. Ndinavomera. Ndinamupempha andilembere manambala a maploti amene akufuna msewu uwakhudze, kuti ndisalakwitse. Analemba ndi dzanja lake pakapepala, manambala makumi atatu ndi awiri, n'kusayina m'munsi. Munthu wazolowera kuti zake zonse zimadutsa.

Ndinapita m'chipinda cha mafayilo kukaona eni ake a maplotiwo. Mkazi wake, apongozi ake, dalaivala wake, mlonda wa pageti pake. Atatu anali m'dzina la malume ake amene tinawaika zaka zisanu zapitazo.

Ndinajambula mapu awiri. Wokhota ndinamuonetsa iye, anandisisita paphewa. Wowongoka ndinausunga m'kabati. Injiniya ndinamuuza zonse. Anagwira mutu, ati tichotsedwa ntchito tonse. Ndinamuyankha kuti iye angowerenga mitengo ya misewu yonse iwiri mokweza, zina asiyire ine.

Msonkhano unachitikira mu holo ya khonsolo mwezi wathawu. Kunadzaza, mpaka ena anaima m'mawindo: ogula maploti, amayi a mumsika, anamwino, ndi akuluakulu awiri ochokera ku boma amene amayang'anira ndalama za msewu. Chidindo analankhula nthawi yaitali za chitukuko, kenaka anati mtsikana wa mapu aonetse anthu njira.

Ndinapachika mapu onse awiri pakhoma. Injiniya anawerenga mitengo ya misewu yonse iwiri. Ine ndinafotokoza kuti msewu wokhota usiya chipatala, sukulu ndi mabanja oposa mazana asanu opanda phula. Mayi wina wogulitsa makala anaimirira n'kufunsa kuti nanga kuphiriko kuli ndani woti tonse timusonkhere. Ndinati funso labwino, n'kuyamba kuwerenga mayina. Nditafika pa malume aja, bambo wina kumbuyo anakuwa kuti kodi malemu ayamba kugula maploti, atiuze kumene akupeza ndalama nafenso tikafe. Holo yonse inaphulika.

Chidindo anamenya tebulo, ati ndi bodza la kamtsikana kofuna kutchuka. Ndinatulutsa kapepala kake kaja n'kukapereka m'manja mwa akuluakulu a boma. Kenaka ndinamuyang'ana m'maso n'kumuuza, anthu onse akumva, kuti ndine mwana wa kalipentala amene anamugumulira nyumba pafupi ndi mphambano. Achimwene, ndikanakonda mukanaiona nkhope imene ija. Milomo inauma, inachita kutuwa. Ndinayembekeza zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kuti ndiione.

Anamuimitsa pa upampando tsiku lomwelo. Msewu wowongoka unavomerezedwa, ndipo maploti a kuphiri akufufuzidwa. Mwina mukuganiza kuti pamenepo mtima wanga unagwa. Sunagwe.

Msewu watsopanowu uyenera kulumikizana ndi msewu waukulu wa m'tauni. Pofufuza m'mapu akale ndinapeza kuti ploti yathu ija mpaka lero inalembedwa kuti ndi malo a msewu. Chidindo anailemba choncho kuti atichotse, koma pomanga mashopu ake sanavutike n'kusintha. Ndiye kuti mashopu onsewo ali pamsewu, mwa kulemba kwake iye mwini, ndipo womanga pamsewu salandira chipukutamisozi. Ndinadutsitsa mzere pomwepo. Lachiwiri lapitali anyamata a khonsolo anapaka mitanda yofiira pamakoma onse, chizindikiro choti agumulidwa.

Apa ndiulule, chifukwa kwa inu sindingabise. Inalipo njira ina. Msewu ukanatha kulowera kumbuyo kwa malo okwerera basi, mtengo wake pafupifupi womwewo, osagumula kanthu kupatula mpanda. Injiniya anaitchula kamodzi. Ine ndinati kumeneko madzi amadikha. N'zoona amadikha, koma ngalande imodzi ikanathetsa. Sanabwerezenso, ndipo ine sindinamukumbutse.

M'mashopumo muli anthu ochita lendi. Mmodzi ndi mayi wina, telala, amene anasoka yunifolomu ya mwana wanga. Anandipeza pageti la ofesi, osakalipa, anangofunsa kuti makina ake akawaike kuti. Ndamulembetsa kuti akhale woyamba kulandira malo mumsika watsopano, iye ndi anzake asanu aja. Koma msikawo utha chaka chamawa, ndipo pakati apa adya chiyani sindikudziwa. Zimenezi zimandiwawa. Koma sizinandibweze.

Loweruka Chidindo anabwera kunyumba. Anafika wapansi, wopanda jekete. Mayi anamupatsa mpando, ine ndinaima pakhomo. Anati iye ndi bambo anali pachinzake, zimene zinachitika zinali malamulo ochokera kumwamba. Anati mashopuwo ndi amene akuphunzitsa adzukulu ake, shuga wamukwera, ndimumvere chisoni ngati kholo langa. Anafika pogwada, achimwene, pasimenti pathu. Ndinamufunsa ngati akukumbukira zimene anawayankha bambo tsiku limene anapita ku ofesi kwake kukapempha milungu iwiri yokha yowonjezera, mvula ithe. Anati sakukumbukira. Ndinamukumbutsa: anati msewu sudikira munthu. Ndinamuuza kuti adzuke, mawondo angamupweteke, n'kumutsegulira geti.

Mayi sanandilankhule mpaka Lamulungu. Akuti ndachita kokwanira mu holo muja, zotsalazo ndimusiyire Mulungu. Akuti kugumula mashopu sikudzutsa bambo. Ndinawayankha kuti sindikufuna kudzutsa munthu, ndikufuna msewu umene anatichotsera udutsedi. Analira, ati mtima umenewu sakudziwa kumene ndinautenga.

Tsopano pempho langa ndi ili. Chidindo wapeza loya, ndipo akunena kuti malowo sanakhalepo a msewu, mapu akalewo analakwika, bambo anachoka mwa kufuna kwawo. Kalata imene anatichotsera inasowa m'fayilo ya khonsolo, ndipo tonse tikudziwa miyendo imene inayendera. Koma ina ija, imene anawapatsa bambo m'manja, yokhala ndi chidindo ndi siginecha yake, munaitenga ndinu titaika maliro. Munaiika m'chikwama cha zikalata zanu za sukulu. Ndinakuonani.

Nkhaniyi ikambidwa kukhoti pa 24 mwezi uno. Popanda kalata imeneyo akhoza kupambana, msewu n'kukhotanso, ine n'kutsala wabodza pamaso pa tauni yonse, mwinanso ntchito n'kutha. Ijambuleni pa foni lero lomwe, ndipo yeniyeniyo muitumize ndi munthu wodalirika, osati pa positi.

Ndikudziwa mayi akuimbirani kuti musatumize. Ndikudziwanso kuti inu munasankha kuiwala, munapita kutali n'kumanga moyo wanu, ndipo sindikukuimbani mlandu. Koma inu munachoka patangotha chaka titachotsedwa pamalo paja. Amene ndinkawathira bambo madzi pamutu akatentha thupi m'chipinda chija ndine. Amene ndadutsa pamashopu amenewo m'mawa uliwonse popita kusukulu, kenaka kuntchito, ndine. Sindinakupempheni kanthu chichokereni. Ndikupempha pepala limodzi.

Tikapambana, makina ogumulira abwera kumayambiriro kwa mwezi wamawa. Ndapempha kale tchuthi cha tsiku limenelo. Ndidzaima kutsidya kwa msewu kuyambira khoma loyamba mpaka lomaliza. Mukatha kubwera, bwerani tidzaime awiri. Mukakana kutumiza, mundiuze mosabisa, ndidzakwera basi kudzaitenga ndekha, ndipo mudzandikanize mukundiyang'ana.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu ija inafika ndipo mayi saivula. Ana muwapsompsone, wamkuluyo alimbikire masamu. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pantchito, ndipo ngati ndikulakwa andikhululukire, koma pambuyo pa 24.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa kalipentala