Phazi la Mlembi ndi Malo a Chinayi

MSONKHANO WADZIDZIDZI WA KOMITI YA KALABU YA NJINGA ZA M'MAPIRI

Tsiku: Lachitatu, pa 11 Juni
Malo: Chipinda cha kuseri kwa shopu ya a Makaniko, pakati pa matayala akale
Opezekapo: Wapampando, Mlembi, a Makaniko, a Namwino, ndi Mlamu wa Wapampando (si wa mu komiti, sanaitanidwe, koma anafika woyamba)
Osapezekapo: Msungichuma (anapepesa, dzino likumuwawa)

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ili 4:20 madzulo, atakhala pampando umodzi wokhawo umene uli ndi miyendo inayi. Anakumbutsa onse kuti mpikisano wopatsirana wa kuphiri uli Loweruka, kuti timu ndi ya anthu anayi, ndiponso kuti mayina aperekedwa mawa m'mawa. Anati malo atatu ndi odziwika kale: iye mwini, a Namwino ndi a Makaniko. Malo a chinayi ndi a Mlembi, koma pokhapokha atapeza nsapato zomukwana, chifukwa okonza mpikisano salola munthu kupalasa popanda nsapato zokhala ndi kachitsulo kokola pa pedulo. Zikapanda kupezeka, malowo apita kwa Mlamu. Mlamu anayang'ana kudenga ngati nkhaniyo siikumukhudza.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga. Mlamu anadandaula kuti zolembedwazo zikunena za "phazi lotambalala pang'ono la Mlembi" pamene mawu amene ananenedwa tsikulo anali akuti "phazi la Bakha". Mlembi anayankha kuti ntchito yake ndi kulemba mfundo, osati chipongwe. Wapampando analamula kuti dzina la Bakha lilembedwe popeza kalabu yonse inalizolowera. Lalembedwa. Mlembi akufuna zidziwike kuti amene anayambitsa dzinali ndi Mlamu yemweyo, ndipo khoswe akakhala pamkhate sapheka.

3. Lipoti la kusaka nsapato

3.1 Mlembi anafotokoza kuti saizi yake ndi 43. Nsapato za saizi 43 zinalowa zala zinayi, kachala kakang'ono n'kutsala panja.

3.2 Potsatira malangizo a Wapampando akuti "phazi likakula, nambala ikwere", anayesa saizi 45. Zinamuthina m'mbali chimodzimodzi, koma kutsogolo kunatsala malo oti n'kusungamo makiyi.

3.3 Potsatira malangizo omwewo, anabwereka saizi 47. Pokhota pamtsetse, nsonga ya nsapato inagunda tayala la kutsogolo, ndipo Mlembi anakapezeka ali chagada mumpanda wa maluwa wa eni ake, njinga idakali yomatirira kumapazi. Wapampando anafunsa ngati saizi 48 inayesedwa. Mlembi anapempha kuti komiti ipite pa mfundo yotsatira.

3.4 A Makaniko anapereka lipoti la kufutukula. Anati anayamba ndi kutsendera nyuzipepala zonyowa mu saizi 43 kwa masiku atatu, koma nsapatoyo inangotuluka fungo. Kenako anailowetsa jeke ya galimoto. "Imayenda bwinobwino, akulu, mpaka pamene inanena kuti phwa." Nsapatoyo inaonetsedwa kwa komiti m'zidutswa ziwiri. Komiti inathokoza a Makaniko chifukwa cha khama.

3.5 Mlembi anapempha kuti anene mawu ochepa. Anati wakhala akukwera phiri limenelo m'mawa uliwonse kwa zaka ziwiri atavala nsapato za kuntchito, ndipo chaka chatha anangoima pamzere woyambira atanyamula mabotolo a madzi a anzake. Anati zinamupweteka, ndipo sakufuna kunyamulanso mabotolo. Mlamu anati mabotolowo anawanyamula bwino kwambiri.

4. Katoni ya a Namwino

A Namwino anati akhala akukweza mkono kuyambira pa mfundo 3.1. Anakumbutsa komiti kuti miyezi inayi yapitayo ananena kuti kutalika kwa phazi ndi kwina, kutambalala kwake n'kwinanso, ndipo pali nsapato zosokedwa dala zotambalala pa saizi yomweyo. Anati mawu awowo anaikidwa pa Zina ndi Zina, pansi pa nkhani ya pampu yotayika. Mlembi anafufuza m'buku ndipo anavomera kuti anawaika pamenepo ndi iye mwini.

Kenako a Namwino anatulutsa katoni. Munali nsapato za saizi 43 zotambalala, zochokera kwa dokotala wina wa kuntchito kwawo amene anasiya njinga chifukwa cha bondo. Anatsindika kuti peyala ndi imodzi yokha.

Mlembi anavala. Zala zonse zisanu zinalowa, n'kukhala mwaufulu, chilichonse pamalo pake. Anazigwedeza m'katimo komiti ikuonerera. Zolembedwa za mphindi zitatu zotsatira palibe, chifukwa m'maso mwa Mlembi munalowa fumbi la m'shopu.

5. Pempho la Mlamu

Mlamu anapempha kuti angoyesako. Wapampando anati, "Alamu, inu phazi lanu ndi laling'ono, musadzivute." A Namwino anati, "Musiyeni avule. Ine ndakhala ndikumuona akutsika panjinga ngati waponda makala a moto."

Mlamu anamasula zingwe n'kuvula nsapato zake zosongoka. Phazi linatuluka, linapuma, kenako linayamba kufutukuka pang'onopang'ono ngati mtanda wa buledi. Zala zinali zosanjikizana, matuza mbali zonse. A Makaniko anabweretsa tepi. Zotsatira: phazi la Mlamu likuposa la Mlembi m'lifupi ndi theka la chala. Mlembi anapempha kuti ayezenso, kuti angomvanso bwino. Zotsatira sizinasinthe.

Mlamu anaulula kuti wakhala akupanikiza mapazi ake kwa zaka zisanu ndi zitatu poopa kusekedwa, ndipo dzina la Bakha analipereka kwa mnzake msangamsanga lisanamupeze iye. Atavala nsapato za dokotala anakana kuvula. Anati, "Achimwene, ine ndimayesa kupalasa njinga n'kowawa kwa aliyense." Mlembi anali atakonza mawu ambiri oti adzanene pa tsiku ngati limeneli, koma ataona matuza aja anawameza.

6. Malo a chinayi

Wapampando anati tsopano vuto lakula: anthu awiri, nsapato peyala imodzi, malo amodzi. A Namwino anati nsapato si vuto, popeza pampikisano wopatsirana amapalasa munthu mmodzi pa nthawi. Wina ayambe, wina amalize, nsapato zipume pakati.

Pa za malo, a Makaniko anatembenuka n'kuwerenga nthawi zokwerera phiri zimene zinalembedwa ndi choko pachitseko. Woyamba Mlembi, wachiwiri a Namwino, wachitatu Mlamu (ndi matuza omwe), wachinayi a Makaniko. Dzina la Wapampando linali pansi, pafupi ndi mawu akuti "anakankha". Wapampando anati chokocho chinafufutika. A Makaniko anati analemba ndi iwo, ndipo anathandiza nawo kukankhako.

Komiti inavota mokweza manja kuti timu isankhidwe motsatira nthawizo. Mlamu alibe voti, koma anakweza phazi. Wapampando ataona manja atatu ndi phazi limodzi anati anali ataganiza kale zopumitsa bondo lake chaka chino.

Chigamulo: Timu ndi Mlembi, a Namwino, a Makaniko ndi Mlamu. Mlembi ndiye adzayambe, chifukwa Mlamu amatuluka thukuta kwambiri. Wapampando adzalandira nsapato kwa Mlembi, adzaziumitsa padzuwa, ndipo adzanyamula mabotolo a madzi. Mlembi analonjeza kumuonetsa kanyamulidwe kake.

7. Zina ndi zina

7.1 Pampu yotayika ija inapezeka pansi pa mpando wa Wapampando.

7.2 Mlamu anapempha kuti dzina la Bakha lithetsedwe m'kalabu. Mlembi anakana. Anati dzinalo walivala zaka ziwiri, lamukwana, ndipo ndi chinthu chokhacho m'kalabu muno chimene sichinamuthinepo. Anapempha kuti lingogawidwa motsatira tepi. Komiti inavomereza.

8. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Komiti idzakumananso Lachitatu pa 18 Juni, malo omwewo. Wapampando anatseka msonkhano nthawi ili 5:50 madzulo, koma anthu anachedwa kubalalika chifukwa panafunika amuna awiri kuti amuvule Mlamu nsapato.

Wapampando (woyang'anira mabotolo): ______________

Mlembi (Bakha Wamng'ono): ______________

Mboni: Mlamu (Bakha Wamkulu): ______________