Theka la Dzina Langa

Cape Town,
8 Julaye 2025

Okondedwa achimwene a Zakeyu,

Landirani moni wanga, inu ndi onse pakhomo ku Mlonyeni. Muli bwanji? Nanga bambo akudzuka bwanji masiku ano? Mwendo uja wayamba kumva? Ine kuno ndili bwino, kupatula chifuwa chimene chandikakamira. Mvula ya kuno imagwa nthawi yachisanu, ndipo chipinda changa chikudontha pakona pomwe pali bedi. Mwini nyumba anandiuza kuti ndingosuntha bedilo, ngati kuti pali poti n'kulisunthira.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni muli nayo. Pafoni inu ndi ine sititha mphindi zitatu tisanayambe kukwezerana mawu, ndipo amene amadula ndinu. Papepala simungandidule. Kalatayi ndapatsira a Chipiliro a ku Kamwendo aja amabwera kudzaoda zovala kuno. Ndawapatsiranso juzi ya bambo, yamabatani, kuti isamavute kuwaveka.

Ntchito ndikadali pompaja, kunyumba yoonetsera nyenyezi. Ndikumva kuti kumudziko mumauza anthu kuti mlongo wanu amagwira ntchito ndi akatswiri a sayansi. Zikomo pondikweza, koma ine ndimakolopa ndi kumatula chingamu chimene ana a sukulu amamata kunsi kwa mipando. Anawo akalowa, magetsi amazimitsidwa, nyenyezi n'kuoneka kudenga dzuwa likuswa mtengo panja. Pali mayi wina amene amawafotokozera. Amanena zomwezomwezo kanayi pa tsiku, moti ine woima kukhomo ndi ndowa ndinaloweza kuposa anawo.

Nkhani imene amaikonda ndi ya chombo china chotchedwa Voyager, chopanda munthu m'kati, chimene anachiponya kumwamba mu 1977, chaka chimene munabadwa inu. Akuti chinapitirira mapulaneti onse, ndipo mu 2012 chinatuluka m'dera lonse limene mphepo ya dzuwa imafika. Pano chili pakati pa nyenyezi, kumdima, ndipo sichidzabweranso. Ana amafunsa nthawi zonse kuti chidzabwera liti, mayiyo n'kuwayankha kuti sichinapangidwe kuti chibwerere. Tsiku loyamba kumva zimenezi ndinaseka ndekha, ndinati kodi kumwambanso kuli matchona.

Mukudziwa amene anandipatsa dzina limenelo. Amayi atamwalira zaka zitatu zapitazo ine sindinabwere kumaliro. Mapepala anga anali atatha, ndipo ndikanatuluka sakanandilolanso kulowa. Ndinaopa, achimwene, palibe chifukwa china chokongola chimene ndingakuuzeni. Bambo anauza anthu pasiwa kuti alibe mwana ku Joni, kuli mtchona chabe. Kuyambira pamenepo foni yanga sanaigwirenso. Ndikaimba ankangotuma alamu anga a Linda kuti andiuze kuti ali bwino. Kenaka mu Febuluwale sitiroko ija inawagwetsa kudimba, n'kuwalanda dzanja, mwendo ndi mawu omwe. Ndakhala ndikulira kuti mwina tsiku limene akanandikhululukira linali pafupi, matenda n'kulitsogolera.

Koma mvetserani za chombo chija, musanene kuti Stelia wayamba kulalikira. Chikadalankhulabe ndi kwawo. Mphamvu imene chimatumizira mawu akuti ndi yochepa ngati ya babu la mufiriji, choncho anthu ake anamanga madishi akuluakulu oti azimvera kamawu kameneko. Akachifunsa kanthu, funsolo limayenda pafupifupi tsiku lathunthu kuti lichipeze, yankho n'kuyendanso tsiku lina pobwera. Kupereka moni Lolemba m'mawa, kuyankhidwa Lachitatu. Ndipo anthuwo amadikira, sanyanyala.

Mayi uja amanenanso kuti chakumapeto kwa 2023 chombocho chinayamba kutumiza zosamveka, zopanda mutu. Chinatero miyezi isanu. Eni ake akanatha kunena kuti chakalamba, chafa mutu, tichisiye. Iwo anapitiriza kuchitumizira mawu ndi kumvetsera zosamvekazo mpaka anapeza pamene panaonongeka, ndipo chinayambanso kulankhula zomveka. Ana amaomba m'manja akamva pamenepa. Ine masiku ano mayiyo akafika pamenepa ndimatuluka ndi ndowa yanga, kukalirira kuchimbudzi.

Chimene chimandiliza ndi Lamulungu lija la mwezi watha. Ndinaimba, alamu anaika foni pakhutu pa bambo, ine n'kuwapatsa moni. Ndinawauza kuti ndine Stelia. Kunali zii. Ndinkamva nkhuku pabwalo ndi kupuma kwawo. Sipanapite nthawi inu munalanda foni ija, n'kundiuza kuti ndikuwatopetsa, munthu salankhula, amangotulutsa phokoso, ndisamavutitse anthu ali ndi fodya woti asankhe. Mukulankhula choncho, kumbuyo kwanu ndinamva mawu. Anali a bambo. Ananena kuti Ste, n'kuima, ngati munthu amene akusenza chinthu cholemera. Pomwepo foni inaduka.

Nditaimbanso madzulo ake munati chinali chifuwa chabe, ndipo simunadule ndinu, netiweki ndi imene inathawira ku Zambia monga imachitira. Netiweki ya kwathu ndikuidziwa, imathawadi. Koma chifuwa cha bambo ndikuchidziwanso, ndinakula nacho. Chimene chija sichinali chifuwa. Kwa zaka zitatu pakamwa pawo sipanatuluke dzina langa, ndipo tsiku limene linayamba kutuluka tinalitsekera pakhomo.

Ndinafunsa alamu pambali, musawakalipire. Anandiuza kuti akawafunsa bambo ngati akufuna madzi, bambo amangowayang'ana, ndiye alamuwo amatuluka poganiza kuti sanamve. Atafika kale kukhitchini m'pamene amamva kuti ee kuchokera m'nyumba. Ndiye kuti amamva, achimwene. Mawu alimo, koma akuchokera kutali, ndipo ife tikumachoka asanafike.

Kumbukirani mmene bambo ankakonzera mawailesi pakhonde la sitolo ija ku Kamwendo. Munthu ankabwera ndi wailesi yoti mwini wake waitaya kale mtima, bambo n'kuyanika mabatire padzuwa, kuigunditsa kukhutu, n'kutiopseza ndi diso kuti tikhale chete. Ankatha ola lathunthu akupotokola pang'onopang'ono, kufunafuna kamawu m'kati mwa phokoso la wailesiyo. Inu munkatopa n'kuthawira kumpira, mtima wanu wapachala si wa lero. Ine ndinkatsala, ndipo ndinkaona nkhope yawo kamawuko kakatulukira. Munthu amene ankadikira mawailesi a eni ake chotero, ife ana ake tikulephera kumudikira mphindi zisanu.

Sindikukunyozani. Amene mumawasambitsa ndinu, kuwanyamula kupita nawo padzuwa ndinu, kuwakweza panjinga kupita kuchipatala ndinu. Ine ndimangoimba foni manja anga ali oyera. Mukandikwiyira mumakhala ndi chifukwa, ndipo ndikudziwa kuti kuwaona bambo akulimbana ndi liwu limodzi kumakupwetekani, n'chifukwa chake mumafulumira kuwalanditsa. Koma mukawalanditsa chotero mumawatsekanso pakamwa.

Mayi uja amamaliza nkhani yake ndi mbali imene ana saikonda. Akuti mphamvu ya chombocho ikutha chaka ndi chaka, ndipo eni ake akuzimitsa zipangizo zake chimodzichimodzi kuti yotsalayo izikwanira kulankhulira ndi kwawo. Lidzafika tsiku limene adzatchera madishi awo onse osamva kanthu. Alamu akuti bambo tsopano phala akumangolawa masipuni atatu n'kutembenuza nkhope, ndipo akumagona nthawi yaitali masana. Ndili ndi mantha, achimwene. Ndinachedwa kwa amayi. Sindikudziwa ngati ndingapirire kuchedwanso kachiwiri.

Pempho langa ndi limodzi. Lamulungu lomaliza la mwezi uno ndidzaimba 2 koloko masana, mutabwerako kutchalitchi. Mudzawakhazike bambo pakhonde la kumbuyo, mbali ya kumtengo wa mango kumene netiweki ya Malawi imagwira bwino. Foni mudzaitsamiritse paphewa pawo, kukhutu lakumanzere limene likumva. Mukatero inu mudzapite kuchigafa mukaone fodya wanu. Musadzaime pafupi, chifukwa ndikukudziwani, dzanja lidzakuyabwani. Mukadzamva kuti kuli zii musadzaganize kuti yaduka. Ine ndidzakhala ndilipo. Ndidzawapatsa moni kamodzi kokha, kenaka ndidzatseka pakamwa, ngakhale litatha ola.

Sindikudziwa chimene ankafuna kunena tsiku lija. Mwina ankandiitana. Mwina ankafuna kunditchula mtchona pamaso panga, poti sanapezepo mpata. Ngati ndi choncho, anene, ndidzalandira. Ndi bambo anga, ndipo kundikalipira kwawo ndakusowa kuposa mmene ndingalembere pano.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Linda, muwauze kuti zimene akuwachitira bambo ine sindingathe kuwabwezera. Moni kwa azakhali kumudzi kwa Zulu, kwa amalume ndi banja lawo, ndi kwa ana anu onse. Mukadzapita kukalambula kumanda mudzandizulireko udzu pamanda a amayi. Kalatayi bambo musawawerengere, ingowavekani juziyo, muwauze amene watumiza, ndipo mukawauza musachoke msanga.

Chonde, achimwene, musadzadule. Dzina langa si lalitali, ndipo theka anatchula kale.

Ndine mlongo wanu,
Stelia